Sinowo akuchepa kumayiko ozizira: nanga mvula yathu ya ku Blantyre ikulowera kuti?

Funso la ulendo uno lachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Alemba motere:

"Mwana wanga ali ku Joni. Mu Julayi 2023 ananditumizira kanema pa WhatsApp, iye ndi anzake akusewera ndi sinowo pamsewu. Koma pa wailesi ndimamva kuti dziko likutentha, mpaka madzi oundana a pa phiri la Kilimanjaro akutha. Zikugwirizana bwanji zimenezi? Kuno kwathu mvula ya masiku ano sindikuimvetsa. Chaka china chimanga chikupsa ndi dzuwa, chaka china madzi akukokolola nyumba. Kodi mvula ikuchepa kapena ikuchuluka? Ndipo kodi sinowo wa kumayiko akutaliwo ali ndi gawo pa mvula yathu?"

Zikomo bambo. M'kalata imodzi mwafunsamo mafunso atatu, ndipo ndiyamba ndi kanema wa mwana wanuyo.

Kanemayo ndi woona. Pa 10 Julayi 2023 ku Johannesburg kunagwadi sinowo, amene ena m'Chichewa amati chipale chofewa. Anthu anathamangira panja kukajambula chifukwa anali atamuona komaliza mu Ogasiti 2012. Mzindawu uli pamalo okwera, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mphepo yozizira kwambiri yochokera kunyanja zakummwera ikafika itanyamula chinyezi, zoterezi zimatheka, ndipo zidzachitikanso. Koma tsiku limodzi silioza mbewa. Mawu oti nyengo timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri: mmene kunja kwachera lero, ndi khalidwe la malo pa zaka zambiri. Pofuna kudziwa khalidwe la malo, ife a zanyengo timaonkhetsa zaka 30, ndipo muyeso umene tikugwiritsa ntchito panopa ndi wa 1991 mpaka 2020. Sinowo wa m'mawa umodzi ku Joni ali m'gulu loyamba lija. Kutentha kwa dziko kumene mumamva pa wailesi kuli m'gulu lachiwiri. Zaka za 2011 mpaka 2020 dziko lonse linali lotentha ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900.

Tikaonkhetsa zaka zambiri, nkhani ya sinowo imaoneka chonchi. Kuyambira kumapeto kwa 1966, masetilaiti akhala akujambula chigawo chonse cha kumpoto kwa dziko lapansi, kumene kuli Canada, Russia, Ulaya ndi kumpoto kwa China. Akatswiri a pa yunivesite ya Rutgers ku America amasunga zithunzizo n'kumawerengera kukula kwa malo okutidwa ndi sinowo sabata ndi sabata. Pakati penipeni pa nyengo yozizira ya kumeneko, cha mu Disembala ndi Januwale, malo okutidwawo sanachepe kwenikweni. Kusintha kwakukulu kuli kumapeto, nthawi yosungunuka. Lipoti la 2013 la IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo la pansi pa United Nations, linati pakati pa 1967 ndi 2012 malo okhala ndi sinowo mu Malichi ndi Epulo ankachepa ndi 1.6 peresenti pa zaka khumi zilizonse, pamene mu Juni ankachepa ndi 11.7 peresenti. Ndiye kuti sinowo akugwabe, koma sakukhalitsa.

Chifukwa chake ndi chimodzi, ndipo ndikupemphani muchigwiritsitse, pakuti ndi chomwechi chimene chikugwira ntchito pa mvula yathu. Mpweya ukafunda umanyamula nthunzi yambiri ya madzi, pafupifupi 7 peresenti yoonjezera pa digiri imodzi iliyonse. Kumalo ozizira koopsa, ngati mkati mwa Siberia, kukafunda ndi digiri imodzi kapena awiri kumakhalabe kozizira mokwanira kuti madzi aundane, ndiye nthunzi yochulukayo imagwa ngati sinowo wochuluka. Koma kumalo amene kuzizira kwake kumangofika m'malire mwa kuundana, monga m'munsi mwa mapiri, kufunda pang'ono kokha kumasandutsa sinowo kukhala mvula wamba. N'chifukwa chake mungamve kuti mzinda wina wakwiririka ndi sinowo woposa zaka zonse, chaka chomwecho n'kumvanso kuti mapiri ena alibe sinowo. Zonse ziwiri zimachokera pa mpweya wofunda umodzimodziwo.

Palinso china. Sinowo watsopano ndi woyera mbuu, ndipo amabweza kumwamba kuwala kwa dzuwa kopitirira 80 peresenti. Akasungunuka msanga, dzuwa limapeza nthaka yakuda, ndipo nthakayo imamwa kutentha monga imachitira shati yakuda mu Okutobala. Malowo amafundiratu, sinowo wotsala n'kusungunukanso msanga. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dera la Arctic, la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, latenthera mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuchokera mu 1979.

Mwina mukuti, atasungunuka msanga vuto lili pati, si madzi omwewo? Vuto lili pa nthawi. Kwa anthu a kumeneko sinowo ndi nkhokwe. Madzi amene agwa miyezi yozizira sathamangira kunyanja, amaunjikana pa phiri n'kumadikira, kenako amatsika pang'onopang'ono m'miyezi yotentha, nthawi imene minda ikuwafuna. Mtsinje wa Indus ku Pakistan, wa Colorado ku America ndi wa Po ku Italy imadalira kwambiri nkhokwe imeneyi. Nkhokwe ikatsegulidwa msanga, mitsinje imasefukira anthu asanabzale, n'kuphwa mbewu zili m'munda. Mu 2022 mapiri a Alps ku Ulaya, amene amadyetsa mtsinje wa Po, analandira sinowo wochepa, kenako kunatentha kwambiri, ndipo mtsinje wa Po unaphwa moti alimi a mpunga analira. Mu 2022 ndi 2023 mokha, madzi oundana a m'mapiri a Switzerland anachepa ndi gawo limodzi pa magawo khumi. Ngakhale mwana wanu nkhaniyi si yakutali kwa iye. Ena mwa madzi amene amamwa ku Joni amachokera ku damu la Katse m'mapiri a Lesotho, kumene sinowo amagwa pafupifupi chaka chilichonse, ngakhale kuti gawo lalikulu la madziwo ndi la mvula ya dzinja.

Za Kilimanjaro zimene mwamva ndi zoona. Phirili ndi lalitali mamita 5,895. Mmishonale Johannes Rebmann atanena mu 1848 kuti waona nsonga yoyera pafupi ndi equator, mzere wodula dziko pakati kumene kumatentha, akatswiri ena ku Ulaya anamutsutsa kuti n'zosatheka. Mu 1912 madzi oundana a pamwamba pake ankakuta malo pafupifupi mahekitala 1,200. Pofika 2011 anali atatsala osakwana mahekitala 200. Mount Kenya ndi mapiri a Rwenzori, pamalire a Uganda ndi Congo, nawo akutaya awo, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, linachenjeza mu 2021 kuti zikapitirira chonchi, m'zaka za m'ma 2040 madzi oundana a m'mapiri atatuwa adzakhala atatha.

Koma nkhani ya Kilimanjaro ili ndi mbali imene wailesi siikonda kufotokoza, ndipo kwa ine ndi imene ikutikhudza kwambiri. Pansonga pake pamazizirabe kupitirira pamene madzi amaundanira nthawi yambiri ya chaka. Madzi oundanawo sakungosungunuka ayi, ambiri akuuma, kuchoka pa kuundana n'kusanduka nthunzi, chifukwa cha dzuwa lamphamvu ndi mpweya wouma. Kuyambira cha m'ma 1880, kummawa kwa Africa kunayamba kuuma poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo mwake, ndipo sinowo wobwezeretsa zimene zikutayika anachepa. Chinyezi chimene chimafika pansongapo chimachokera ku nyanja ya Indian. Ndi nyanja yomweyo imene imatitumizira chiperoni mu Juni ndi Julayi, ndi anamondwe mu Januwale mpaka Malichi. Choncho ndikamaona zithunzi za Kilimanjaro, sindiona nkhani ya alendo okwera mapiri. Ndimaona chizindikiro cha mmene nyanja yoyandikana nafe ikusinthira kagawidwe kake ka madzi.

Ndiwonjezere kuti midzi ya m'munsi mwa Kilimanjaro siidalira kwenikweni madzi oundanawo, ndi ochepa kwambiri. Imadalira nkhalango ya m'mbali mwa phirilo, imene imagwira mvula ndi nkhungu n'kumazitulutsa m'akasupe. Ifenso zili choncho. Sapitwa pa Mulanje ndi wamtali mamita 3,002. Pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika chisanu chimaundanitsa mame m'mawa wa mu Juni ndi Julayi, koma palibe phiri m'Malawi muno limene limasunga sinowo. Nkhokwe yathu ndi ina, ndipo ndifikako.

Tsopano funso lanu lomaliza lija, loti kodi sinowo wa kutali ali ndi gawo pa mvula yathu. Munthu woyamba kufunsa funso lofanana nalo mwa sayansi anali Henry Blanford, mkulu wa zanyengo ku India. Mvula itakanika mu 1877 ndipo anthu ochuluka zedi atafa ndi njala, iye anafufuza chimene chingachenjeze anthu pasadakhale. Mu 1884 analemba kuti chaka chimene mapiri a Himalaya alandira sinowo wambiri, mvula ya ku India imakonda kuchepa, chifukwa mtunda umachedwa kutentha ndipo mphepo yonyamula chinyezi kuchokera kunyanja imabwera yofooka. Gilbert Walker, amene anadzakhala pa udindo womwewo mu 1904, anapitiriza kufufuzako, ndipo anatulukira chinthu chachikulu kuposa sinowo: kulemera kwa mpweya kukakwera mbali imodzi ya nyanja ya Pacific, kumatsika mbali inayo, mosinthanasinthana. Patapita zaka, kusinthanaku kunapezeka kuti ndi mbali ya chimene lero timati El Niño, kutentha kwa madzi a kummawa kwa nyanja ya Pacific kuposa nthawi zonse. Ndiye mukamamva a zanyengo akulengeza mu Seputembala kuti chaka chino kuli El Niño, dziwani kuti nzeru imeneyo inayambira pa munthu amene ankayang'ana sinowo.

Yankho lachindunji ndi ili: sinowo wa ku Russia kapena ku Canada sindiye amalamula mvula ya ku Chilomoni. Mvula yathu imalamulidwa ndi lamba wa mvula amene amatsika kuchokera kumpoto kutsatira dzuwa n'kufika kuno cha mu Novembala ndi Disembala, ndi mphepo yachinyezi yochokera ku Congo, ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja za Indian ndi Pacific. El Niño amakonda kuchepetsa mvula kuchigawo chakummwera kuno, pamene kumpoto kwa dziko lino nthawi zina amaichulukitsa. Anachita zimenezi mu 1991/92, mu 2015/16 ndi mu 2023/24, ngakhale kuti wamphamvu wa 1997/98 sanabweretse chilala chachikulu chimene anthu ankaopa. Sinowo ndi mvula yathu ndi ana a mayi mmodzi. Wina sabala mnzake, koma onse akusintha chifukwa cha kutentha kumodzi.

Kodi tsono mvula ikuchepa kapena ikuchuluka? Apa ndiyankha mosamala, chifukwa yankho lake si limene anthu ambiri amayembekezera. Kafukufuku amene bungwe la UNDP linasindikiza pa nyengo ya Malawi anapeza kuti pakati pa 1960 ndi 2006 dziko lino linatentha ndi madigiri 0.9. Pa kutentha palibe chokayikitsa. Koma pa kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse, sanapeze kukwera kapena kutsika koonekeratu. Mvula ya kuno imasiyana kwambiri chaka ndi chaka, moti kusintha kwapang'onopang'ono kumabisika m'kati mwa kusiyanako. Mzinda wa Blantyre umalandira mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka, ku Chileka yocheperako, kumtunda kwa Chichiri ndi Bvumbwe yochulukirapo, ndipo mbali yakummwera ya phiri la Mulanje imapyola 2,000. Chaka china chingapitirire kwambiri pamenepa, china n'kuperewera kwambiri.

Izi sizinayambe dzulo. Akuluakulu amakumbukira njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre ndi madera ozungulira. Napolo anatsika pa phiri la Zomba mu Disembala 1946, ndipo mu Malichi 1991 anatsika pa Michesi n'kupha anthu ambiri ku Phalombe. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995. Kuyambira 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930, nyanja ya Malawi inatsika moti mtsinje wa Shire unasiya kutulutsa madzi ake. Ndimatchula izi chifukwa sindifuna kuti tizikankhira chilichonse ku kusintha kwa nyengo. Tikatero timasiya kuona zimene zili m'manja mwathu, komanso anthu amene amakumbukira 1949 amasiya kutikhulupirira.

Komabe maso anu sakukunamizani, bambo. Chimene chasintha ndi kagwedwe ka mvula ndi kakhalitsidwe ka madzi ake, monga zachitikira ndi sinowo uja. Tiyerekeze zaka ziwiri zimene zonse zalandira mamilimita 1,000. M'chaka choyamba mvula yagwa masiku 80, pang'onopang'ono, mvumbi apa, mawawa apo, dzuwa pakati. M'chaka chachiwiri mamilimita 400 agwa m'masiku anayi, kenako mu Febuluwale kwachita ng'amba ya masabata atatu chimanga chikumasula. M'buku langa zaka ziwirizi zilembedwa mofanana. M'nkhokwe yanu sizifanana ngakhale pang'ono. Mvula yamphamvu imagwa mofulumira kuposa mmene nthaka ingamwere, ndiye yambiri imathamanga pamwamba, n'kupita ndi feteleza wanu ndi dothi lachonde ku Mudi, ku Likhubula, mpaka ku Shire. Yotsalayo dzuwa lotentha kuposa kale limaiuma msanga. Chinyezi chimene kale chinkapirira ng'amba ya masiku khumi, lero chimatha masikuwo asanakwane. Mlimi akamati mvula yachepa, nthawi zambiri amakhala akunena madzi amene atsala m'nthaka, ndipo pa zimenezo amanena zoona.

Onani mmene zaka zapitazi zasanjikizanira. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira moti Pulezidenti Peter Mutharika analengeza maboma 15 kuti ndi malo a ngozi zogwa mwadzidzidzi. Chaka chotsatira kunali chilala, nyanja ya Malawi inatsika, ndipo kuzimazima kwa magetsi kwa 2016 ndi 2017 mukukukumbukira. Mu Malichi 2019 inagwa mvula yoopsa ya chimphepo chimene chinadzakhala namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Gombe anatsatira mu Malichi chaka chomwecho. Mu Malichi 2023 anafika Freddy. Ndipo pa 23 Malichi 2024, patangotha chaka, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Chodabwitsa n'chakuti chaka cha chilalacho nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, chifukwa madzi ake ambiri amachokera kumpoto ndi ku Tanzania, kumene mvula inagwa yambiri.

Za Freddy zimandivuta kulemba. Ndinali mu Blantyre muno masiku amenewo, ndipo phokoso la mvula ija padenga, usiku ndi usana osalekeza, silinandichoke m'makutu. Namondweyu anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, anaoloka nyanja yonse ya Indian, ndipo WMO inatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mamilimita opitirira 1,000 m'masiku anayi, mvula ya chaka chathunthu ya Blantyre. Phiri la Soche linagumuka n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Anthu opitirira 600 anatsimikizika kuti amwalira, mazana ena sanapezeke mpaka lero, ndipo opitirira 600,000 anasowa pokhala.

Ndi gawo liti la zimenezi limene lachokera ku kutentha kwa dziko? Gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution limafufuza funso limeneli ngozi ikangochitika. Pa mvula ya Ana ndi anamondwe anzake a 2022, linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunachulukitsa mphamvu ya mvulayo. Pa chilala cha 2024 linapeza kuti wolakwa wamkulu anali El Niño. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene lipoti la IPCC la 2021 likuyembekezera kudera lathu lino: mvula yamphamvu ichuluka, chilala cha m'nthaka chichuluka, mvula ya chaka chonse ichepako, ndipo mwa anamondwe amene azibadwa, gawo la amphamvu kwambiri likula. Ziwerengero zambiri za makompyuta zikuonetsanso kuti miyezi ya Seputembala mpaka Novembala izikhala youma kwambiri, ndiye kuti chizimalupsa ndi mvula yobzalira zizichedwa.

Ndibwerere ku nkhokwe ija. Ife tilibe sinowo wotisungira madzi, koma tili ndi nthaka, madambo, nkhalango za m'mapiri ndi nyanja. Kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yopanda mvula yeniyeni, madzi onse a m'chitsime, a pa mjigo ndi a m'dimba amakhala a mvula ya dzinja imene inalowa pansi. Madzi a m'mipopi ya mzinda uno ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, makilomita pafupifupi 40 kuchokera kuno, kukwezedwa mamita mazanamazana ndi magetsi amene nawonso amapangidwa ndi Shire yemweyo. Ena amachokera ku damu la Mudi, ndi ena ku Mulanje. Anthu a ku Switzerland sangaletse sinowo wawo kusungunuka, koma nkhokwe yathu mbali yaikulu tikuiphwasula ndi manja athu. Inu a msinkhu wanu mukukumbukira phiri la Ndirande lili ndi mitengo, lisanametedwe m'zaka za m'ma 1990. Michiru, amene mumamuona mukatuluka pakhomo, akulowera komweko. Phiri lopanda mitengo limachita ndendende zimene limachita phiri lotaya sinowo msanga: limatulutsa madzi onse nthawi imodzi mu Januwale, n'kusiya mitsinje youma mu Seputembala. Pa zimenezi sindiloza chala mayi wogulitsa makala kapena banja limene linamanga m'mbali mwa Soche chifukwa chosowa malo. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo nyumba imene yamangidwa m'njira ya madzi pamalo otsetsereka ili pangozi yaikulu lero kuposa zaka 40 zapitazo.

Ngati muli ndi munda, malangizo anga ndi awa. Musathamangire kubzala ndi mvula yoyamba. Dikirani mamilimita pafupifupi 25 m'masiku awiri kapena atatu, chinyezi chilowe kupyola kutalika kwa chikhatho, ndipo mverani ulosi wa masiku khumi ngati sukunena za ng'amba. Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre muno, imatulutsa ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe, ndipo imaugawa boma ndi boma. Alangizi a zaulimi amakhala nawo. Musaike mbewu ya mtundu umodzi munda wonse, sakanizani yocha msanga ndi yochedwerapo, ndipo nandolo, mbatata ndi chinangwa zikhale ndi malo ake. Koposa zonse, kolani madzi pamene agwera. Mizere yotsata akalozera, migula yotseka pakati pa mizere, udzu wa vetiva, mapesi ophimbira m'malo mowatentha, manyowa: zonsezi ntchito yake ndi imodzi, kuchedwetsa madzi kuti alowe pansi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Denga la malata la mamita 10 mulitali ndi 8 mulifupi limalandira malita 80,000 pa chaka cha mamilimita 1,000, amene ndi migolo 400 ya malita 200. Ambiri mwa madzi amenewo amangokumba ngalande pabwalo panu n'kukagwetsa mpanda wa aneba a kumunsi.

Pali chinthu china chimene ndikupempha kwa inu makamaka, poti ndinu mphunzitsi ndipo kusunga kaundula munazolowera. Akatswiri a World Weather Attribution aja atafufuza mvula ya namondwe Ana analephera kunena kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera ndi mlingo wotani, chifukwa kudera lino kunalibe zolembedwa za mvula ya tsiku ndi tsiku zokwanira zaka zambiri mosadukiza. Zimenezi zimandipweteka. A ku Rutgers angakuuzeni za sinowo wa sabata iliyonse kuyambira 1966, pamene ife malo ambiri amene kale ankayeza mvula, m'masukulu, m'mamishoni ndi m'minda ikuluikulu, anasiya, ndipo mabuku ena anatayika.

Kuyeza mvula sikufuna makina odula. Pezani chitini choongoka, chimene kukamwa kwake ndi pansi pake n'zofanana kukula, chopanda mkombero wopindikira mkati. Chikhazikeni chilili pamwamba pa mtengo wozika pansi, wofika cha m'chiuno, pabwalo poyera, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse 8 koloko, ikani rula m'chitinimo, werengani kuya kwa madzi m'mamilimita, lembani m'kope, n'kutaya madziwo. Tsiku limene sinagwe lembani 0, musasiye mpata, chifukwa masiku opanda mvulawo ndi amene adzakuonetseni kutalika kwa ng'amba. Kumapeto kwa tsamba la mwezi uliwonse lembaninso tsiku limene munabzala, limene chimanga chinamasula, ndi limene chitsime cha pafupi nanu chinayamba kuphwa. Zikakwana zaka zisanu mutumize kope limenelo kuno, tidzaliyerekeze ndi ziwerengero za ku Chichiri ndi za ku Chileka.